Sowo Ikalowa pa Khobidi: Luso Lili Pati?

Ndalama yachitsulo ndi chithunzi chomwe munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, adayendapo nacho m'thumba. Sitiiyang'anitsitsa chifukwa maso athu amathamangira pa nambala, koma mmisiri wina adakhala pansi n'kuumba nkhope, nyama kapena mbewu yomwe ili pamenepo, boma n'kuvomereza, makina n'kudinda zikwizikwi. Tsono kunja kuno, makamaka ku America, Canada ndi ku Ulaya, kuli amisiri ena omwe ntchito yawo ndi kutenga khobidi lotha kale kusulidwa n'kulilowetsa pa sowo. Amacheka malo onse opanda chithunzi mpaka patsale chithunzi chokha chili lende m'kati mwa mkombero, kuwala kukudutsa uku ndi uku ngati pa zenera. Akatero amalowetsa katcheni, munthu n'kuvala m'khosi. Pa intaneti katundu ameneyu ali mbwee, ndipo omuyamikira ndi ambiri zedi.

Ine sindikukana kuti zinthuzi n'zokongola. Koma tsamba lino si la malonda, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Funso lomwe ndikufuna tifunsane, awerengi, ndi ili: tikamaombera m'manja khobidi lochekedwa, kodi tikuombera yani? Maganizo anga ndi akuti zambiri mwa ntchitozi ndi umisiri wa manja wapamwamba ndithu, koma wopanda mawu akeake. Wocheka amayenera dzina la waluso pokhapo pomwe sowo yake yanena kanthu komwe osula ndalama sadanene, mwinanso komwe sakadafuna kuti kanenedwe. Kupanda apo, waononga khobidi n'kutigulitsa ntchito ya mnzake.

Tiyambe tapereka ulemu pomwe ukuyenera, chifukwa ntchitoyi si yamasewera. Makina omwe ambiri amagwiritsa ntchito, aja pa Chingerezi amati scroll saw, adapangidwira kucheka timatabwa topyapyala. Ali ndi kathebulo, ndipo pakati pa kathebuloko pamadutsa kasowo koonda komwe kamakwera ndi kutsika mothamanga. Mmisiri sayendetsa sowo ayi, amayendetsa chinthu chomwe akuchekacho. Pofuna kucheka chitsulo amachotsa kasowo ka matabwa n'kumangapo kamene amagwiritsa ntchito osula mphete ndi ndolo: kutalika kwake masentimita 13, koma kunenepa kwake sikufika ndi theka la milimita, ndipo mano ake kuti uwaone bwino mpaka utenge galasi lokulitsa zinthu. Ena safuna n'komwe magetsi. Amamanga kasowo komweko pa kauta ka m'manja n'kumacheka atatsamiritsa khobidi pa kathabwa ka mphanda.

Asanacheke amayamba aboola. Malo aliwonse otsekeka m'chithunzi, kaya ndi pakati pa miyendo ya hatchi, pansi pa phiko la mbalame kapena m'mimba mwa chilembo O, amafuna kabowo kakekake. Mmisiri amamasula kasowo, kukapisa pa bowo, kukamanganso, kucheka, kumasulanso, kupita pa bowo lina, chonchobe mpaka mabowo onse atha. Khobidi ndi laling'ono ndipo limatentha likamachekedwa, choncho amalipana m'kathabwa kogobedwa kuti zala zikhale kutali ndi mano. Makina amawachepetsa liwiro, kasowo amakapaka phula la njuchi kuti kaziterera, komabe kamathyoka pafupipafupi. Ndiye pali lamulo limodzi losakhululuka: chilichonse chotsala chiyenera kugwirana ndi chinzake mpaka ku mkombero. Ukangodula kamlatho kamodzi, mutu wa mbalame wagwa pansi, thukuta lonse lapita pachabe. Wolemba ndakatulo akalakwitsa amafufuta n'kulembanso, koma wocheka khobidi alibe chofufutira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha anthuwa ali nako.

Zitsulo nazo amazidziwa. Ndalama za ku America za masenti 10, 25 ndi 50 zomwe zidasulidwa mpaka chaka cha 1964 zidali za siliva, magawo 90 pa 100 aliwonse. Siliva ndi wofewa pa sowo ndipo akamupukuta amanyezimira, n'chifukwa chake ocheka amazisaka. Senti imodzi ya dziko lomwelo idali ya mkuwa pafupifupi yonse mpaka 1982. Kuyambira pamenepo m'kati mwake ndi zinki, mkuwa ungokhala chikopa chapamwamba, moti ukacheka m'mphepete mumatuluka zotuwa. Ndalama zambiri zamakono m'maiko osiyanasiyana ndi chitsulo wamba chokutidwa, chomwe chimatha mano a sowo komanso chimachita dzimbiri pomwe pachekedwa. Mwachidule, khobidi likakhala lakale ndi pomwe sowo imalikonda. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Tsono nali dandaulo langa loyamba. Tengani ndalama ya masenti 10 ya ku America yomwe idasulidwa kuyambira 1916 mpaka 1945, ija amaitcha Mercury dime. Ocheka amaikonda kwabasi, poti pali mutu wa mayi wovala chipewa cha mapiko, woimira ufulu. Sowo ikadutsa, mutuwo umatsala pakati, zilembo zili m'mbali, ogula n'kumati eee, koma mmisiri ameneyu! Koma mutuwo, mapikowo, ngakhale kakhalidwe ka khosi, zonsezo n'za Adolph Weinman, katswiri woumba ziboliboli. Ndipo tamverani izi: Weinman adasaina ntchito yake ndi tizilembo tiwiri, A ndi W, tomwe adatiika kumbuyo kwa khosi, pamalo osalala. Malo osalalawo ndi omwe wocheka amachotsa. Ndiye kuti, pokhapokha atachita kutisiya dala, dzina la mwini luso limagwera pansi pamodzi ndi utuchi wa siliva, pa kapepala ka mtengo n'kulembedwa dzina la mwini sowo. Ife olemba zoterezi timazidziwa bwino: munthu kulakatula ndakatulo ya mnzake pa siteji, mawu okoma, manja kuombedwa, osamutchula n'komwe yemwe adaipeka.

Chitsanzo china chikutikhudza ife a tsamba lino chifukwa muli mlakatuli. M'chaka cha 1926 boma latsopano la Ireland lidakhazikitsa komiti yosankha zithunzi za pa ndalama zake, ndipo wapampando adali W. B. Yeats, mlakatuli yemwe adalandira mphotho ya Nobel mu 1923. Kudagwirizanidwa kuti pa ndalamazo pasakhale nkhope ya munthu aliyense wa masiku amenewo. M'malo mwake adasankha nyama za dzikolo, ndipo pa mpikisano adapambana mnyamata wa ku England, Percy Metcalfe. Mu 1928 zidatuluka ndalama zisanu ndi zitatu: hatchi, nsomba, nkhunzi, galu, kalulu, thadzi ndi anapiye ake, nkhumba ndi ana ake, komanso mbalame ya m'thengo, kumbuyo kwa zonsezi kuli zeze. Zina mwa nyamazi zidakhalabe pa ndalama za Ireland mpaka pomwe euro idalowa mu 2002. Lero ndi zina mwa ndalama zomwe ocheka amazikonda koposa.

Kodi sowo imazichita chiyani nyama za Metcalfe? Yang'anitsitsani kalulu wake pa khobidi losachekedwa. Wakhala mwatcheru, makutu m'mwamba, ndipo malo opanda kanthu omuzungulira ndi omwe akutiuza kuti ali pa dambo, akumvetsera. Malo amenewo si otsala chabe. Metcalfe adawayeza, monga woimba ng'oma amayezera pomwe dzanja lipumire. Komanso minofu ya nkhunzi imaoneka kaamba ka mthunzi womwe chithunzi chotukuka chimagwetsa pa malo osalala. Mukachotsa malowo, diso limangoona mzere wa kunja utagona pa malaya a wovala, nkhunzi ija n'kusanduka kachidole. Pomwe ndikuvomereza kuti sowo imaonjeza kanthu ndi pa thadzi ndi anapiye: kuwala kukadutsa pansi pa mimba ya make, timiyendo ta anapiye timaoneka ngati tikuyendadi. Koma phindu lotere n'lochepa, ndipo silibweza zomwe zatayika pa zinazo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dandaulo lachiwiri ndi lomwe ogulitsa sakonda kulimva. Khobidi lili ndi mbali ziwiri, koma sowo imadya zonse nthawi imodzi. Ukatsata mzere wa chithunzi cha mbali ino, mbali inayo kumatsala zidutswa zopanda mutu, n'chifukwa chake pa zithunzi za malonda kumbuyo sakonda kukuonetsa. Kuti timvane bwino, tengani ndalama yathu yomwe, 20 tambala ya 1971. Mbali imodzi kuli njovu ndi mwana wake, chithunzi chomwe chidayamba kuoneka pa ndalama ya mashilingi awiri mu 1964. Mbali inayo kuli nkhope ya Dr. H. Kamuzu Banda. Mmisiri wa ndalamazi adali Paul Vincze, wobadwira ku Hungary koma wokhala ku Britain. Ocheka akunja amakonda ndalama za nyama za ku Africa, ndipo njovu ndi nyama yoyenda malonda. Munthu akacheka kuti atulutse njovuzo, kumbuyoko nkhope ya Ngwazi imatsala khutu apa, tsaya apo.

Kwa wocheka wa kutsidya kwa nyanja imeneyo ndi njovu basi, palibenso nkhani. Koma aliyense yemwe adakhala m'dziko muno riferendamu ya 1993 isanachitike akudziwa kuti dzanja la Mmalawi likadanjenjemera lisanaboole ndi kabowo koyamba komwe. Tanthauzo lonselo lili pomwepo, m'kachitsulo kameneko, koma wocheka wadutsapo osaliona, ngati mbuzi yodya kalata. Tayerekezani mmisiri wina wodziwa zomwe wagwira, yemwe angaganize mofatsa mbali yoti apulumutse ndi mbali yoti apereke nsembe, n'kupanga chinthu chokakamiza woona kuti achitembenuze. Sowo yomweyo, khobidi lomwelo, koma uyu wanena kanthu. Apa ndi pomwe ndikuti luso lili pa kusankha, kuongoka kwa mzere kumabwera pambuyo.

Mbiri ili nawo anthu omwe ankadziwa zomwe akuchita pogwira khobidi, ndipo chochititsa manyazi n'chakuti ambiri mwa iwo adalibe ndi sowo yomwe. Pakati pa 1788 ndi 1868 dziko la Britain lidatumiza akaidi oposa 160,000 ku Australia, ena kaamba ka milandu ing'onoing'ono yakuba. Podikira sitima m'ndende, ena ankatenga peni yaikulu yamkuwa ya 1797, yokhala ndi nkhope ya Mfumu George III, n'kuikhula mpaka mfumu ifufutike. Pamalo osalalawo ankazokota kapena kubaya timadontho ndi kachitsulo kosongoka, kulemba dzina lawo, zaka za chilango ndi mawu otsanzikira mkazi, mayi kapena mwana. Nyumba yosungira zakale ya National Museum of Australia ku Canberra ili nazo zoposa 300. Zilembo zambiri n'zokhota, masipelo olakwika. Koma taganizani: munthu wafufuta nkhope ya mfumu yomwe m'dzina lake adagamulidwa, n'kuikapo dzina lake iye, loti boma lidafuna liiwalike. Ndi ndakatulo zingati zosindikizidwa zomwe zidafikapo pamenepo?

Ku British Museum mu London kuli peni ya 1903 ya Mfumu Edward VII. Cha m'ma 1913 munthu wina adatenga tizitsulo todindira zilembo n'kukhoma, chilembo chimodzichimodzi, mawu ofuna kuti amayi aziponya nawo voti. Adawakhoma pankhope penipeni pa mfumu. Mbali inayo, komwe kuli chithunzi cha mayi woimira dziko la Britain, sadakhudzeko. Mwaona? Uyu adaganizira mbali zonse ziwiri. Ndipo sadaipachike m'khosi ayi, adaibweza m'malonda kuti iziyenda kuchoka kwa wogulitsa buledi kupita kwa wogulitsa mowa, uthenga uli pamsana, poti peni ndi yochepa mphamvu moti boma silikadavutika kuisonkhanitsa. Amayi ena a ku Britain adayamba kuvota mu 1918, ndipo mu 1928 adafanana ndi abambo. Kunena za ukhondo wa ntchito, peni imeneyi ingalephere mayeso a ocheka a lero. Kunena za luso, ambiri a iwo saifikira.

Achibale enieni a ocheka a masiku ano ndi anthu omwe ankasema zomwe ku America amati hobo nickel. Kuyambira 1913 mpaka 1938 dzikolo linkasula ndalama ya masenti asanu yojambulidwa ndi James Earle Fraser: kutsogolo mutu waukulu wa mmwenye wa ku America, mwini nthaka weniweni, kumbuyo njati. Anthu osowa pokhala, omwe ankakwera sitima za katundu mozemba posaka maganyu, makamaka chuma chitagwa mu 1929, adaona kuti mutuwo ndi waukulu mokwanira kusemapo. Ndi kampeni, tupa kapena msomali wonola ankausandutsa bambo wandevu wovala chipewa, njati ija n'kukhala bulu, kamba kapena munthu wosenza phukusi. Kenako ankasinthitsa ndi mbale ya chakudya kapena malo ogona. Mmodzi mwa odziwika ndi George Washington Hughes, munthu wakuda yemwe anzake ankamutcha Bo. Malinga ndi Del Romines, yemwe adalemba buku la ndalamazi mu 1982, Bo adaphunzira kwa Bert Wiegand, ndipo atavulala dzanja mu 1957 ntchito zake zidasintha, koma kusema sadaleke.

Sindikufuna kuwayeretsa anthu amenewa. Zina mwa nkhope zomwe ankasema n'zonyoza mitundu ya anzawo, ndipo pali chowawa poona kuti nkhope yomwe ankafufuta ndi ya munthu yemwe adalandidwa kale dziko. Wosauka kuponda wosauka mnzake, zimachitika. Komabe pa zabwino zake pali chinthu chomwe mkanda wa njovu ulibe. Boma lidaika pa ndalama anthu ndi nyama zomwe dzikolo lidatsala pang'ono kuzitha, n'kumanyadira ngati chizindikiro. Munthu wopanda adiresi adayankha poikapo nkhope ya anthu ena omwe dzikolo lidawataya, akali moyo. Ndalama ya masenti asanu idakwera mtengo chifukwa cha dzanja la munthu yemwe boma silinkamuwerengera. Kumeneko ndiye kukangana ndi khobidi komwe ndikunena.

Nanga ogwira sowo a lero onse ndi ongotsata mizere? Ayi, alipo omwe ndikuwavulira chipewa. Stacey Lee Webber wa ku Philadelphia amacheka ndi kuwotcherera masenti amkuwa n'kupanga zida za mmisiri: mafosholo, nyundo, sowo imene. Mafosholo ake adaonetsedwa ku Renwick Gallery mu Washington m'chaka cha 2012. Fosholo ya makobidi singakumbe, ndipo makobidi a m'fosholo sangagule kanthu. Woona amakakamizika kufunsa: munthu wogwira fosholo tsiku lonse amalandira masenti angati, ndipo thukuta lake tikaliunjika lingakwane fosholo imodzi? Apa khobidi silikadalowedwa m'malo ndi chitsulo china chilichonse, chifukwa nkhani yake ndi ya malipiro. Ndipo popeza America idasiya kusula senti yoyenda m'malonda mu Novembala 2025, zida za Webber tsopano zasandukanso chiliza cha ndalama ya amphawi. Podzudzula ndinganene kuti ganizo limodzi ukalibwereza pa chida ndi chida limayamba kuzizira, koma ganizolo lilipo, ndipo ndi lake.

Wina ndi Micah Adams wa ku Canada. Iye amacheka zithunzi kuzichotseratu m'makobidi a maiko osiyanasiyana, n'kuzilumikiza mwatsopano: nyama ya dziko ili kukumana ndi mutu wa mfumu ya dziko lina, zinthu zomwe maboma adazilekanitsa ndi malire n'kupezeka zili pamodzi, nthawi zina moseketsa. Ntchito yake yomwe imandigwira mtima ndi ya masamba. Senti ya ku Canada idali ndi masamba a mtengo wa maple, ndipo dzikolo lidasiya kuisula mu 2012. Adams adacheka masambawo limodzilimodzi n'kuwaunjika kamulu, ngati omwe munthu amasesa pabwalo m'chilimwe. Chizindikiro cha fuko chabwerera kukhala tsamba louma. Palibe chomwe waonjezapo, wangochotsa ndi kuunjika, koma wationetsa chinthu chomwe eni dziko adachigwira m'manja zaka zambiri osachiona.

Tsono yerekezani zimenezi ndi mtundu wina womwe wafala pakati pa eni makina a scroll saw. Munthu amatenga pepala lojambulidwa kale, kaya ndi mtima, mtanda, gwape kapena dzina la chibwenzi, kulimata pa khobidi n'kucheka motsata pepalalo, osalabadira n'komwe chithunzi chomwe chili pansi. Zotsatira zake ndi gwape wokhala ndi theka la mphuno ya pulezidenti pa nthiti. Funso langa n'losavuta: ngati khobidi walisandutsa kachitsulo kozungulira chabe, bwanji osagula kachitsulo kozungulira? Yankho loona ndi lakuti ogula amakopeka akamva kuti idali ndalama. Ndiye kuti mmisiri akudyera dzina la khobidi uku akulinyoza. Chimodzimodzi mliri wa zigaza womwe udagwira osema ambiri amakono: mfumu chigaza, pulezidenti chigaza, mayi wa ufulu chigaza. Woyamba kuchita adanena zoona, kuti olemekezeka nawo amafa. Wachikwi akungobwereza nthabwala yomwe tidaseka kale.

Pa mtundu wa mapepalawu ndikupatulapo umodzi. Pali ocheka omwe amadula khobidi pawiri ndi mzere wokhotakhota, zidutswa ziwirizo n'kumalowana bwinobwino, china avale mwamuna china mkazi. Ganizoli ndi lakale. Ku England okondana ankathyola ndalama ya mapeni asanu ndi imodzi n'kugawana polonjezana. Apa sowo yoonda ili ndi chifukwa chokhalira yoonda, poti ikadya chitsulo chambiri zidutswa sizigwirana. Ndipo khobidi lili ndi chifukwa chokhalira khobidi: theka la ndalama siligula kanthu mpaka linzake libwere. Palibe mzere wina padziko womwe ungalowane ndi umenewo. Si nzeru zakuya kwambiri, koma n'zoona, ndipo chida, chitsulo ndi tanthauzo zikukokera kumodzi.

Pali mkangano pakati pa amisiriwa woti weniweni ndani, wa kauta ka m'manja kapena wa makina a magetsi. Ine mkangano umenewu sundikhudza kwenikweni. Onse awiri diso ndi lawo, dzanja ndi lawo, ndipo onse akhoza kugwetsa mutu wa mbalame. Makina amathandiza kuti mzere uime chilili, kauta kamalola kupendeketsa ndi kumva chitsulo m'zala, basi. Chomwe chawasokoneza onse ndi makina a kompyuta odula ndi laser komanso zikombole zoumbira makope, zomwe zimatulutsa timabowo tambirimbiri mosatopa. Kwa nthawi yaitali ocheka ankadzitama ndi kuchuluka kwa mabowo ndi kuonda kwa timilatho. Pa mpikisano umenewo kompyuta idapambana kale. Chomwe chatsala m'manja mwa munthu ndi chomwe ndakhala ndikunena chija: kudziwa chifukwa chomwe wasankhira khobidi ili osati ilo.

Tisaiwale za malamulo ndi za chitayiko. Ku America lamulo limaletsa kusintha ndalama ndi cholinga cha chinyengo, n'chifukwa chake mikanda yotere imagulitsidwa poyera. Ku Britain lamulo la 1971 limaletsa kusungunula kapena kuphwanya ndalama yachitsulo yomwe ikugwira ntchito popanda chilolezo cha boma. Mmisiri wakwathu wofuna kuyesa ayambe wafunsa malamulo a kuno asanakhudze ndalama yomwe ikuyenda. Koma ngakhale lamulo litalola, kumbukirani mfundo ija ndidati muisunge: sowo imakonda makobidi akale, ndipo akale sasulidwanso. Mwa ma Mercury dime a 1916, omwe adasulidwa ku Denver adali 264,000 okha, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale amawafuna pa mtengo wokwera zedi. Chizindikiro chake ndi kachilembo D, ndipo kali kuti? Kumbuyo, mbali ija wocheka sayang'ana. Ndalama zathu za 1964 ndi 1971 nazo zikutha m'mabokosi a agogo, ndipo mwana wobadwa lero sadzaona tambala wa pa khobidi pokhapokha wina atamusungira.

Choncho, awerengi, mukadzaona khobidi lochekedwa, kaya pa intaneti kaya m'khosi mwa mlendo, yamikirani dzanja, chifukwa dzanjalo lavutika. Mukatero litembenuzeni muone chomwe chaphedwa kumbuyo. Funsani dzina la yemwe adajambula chithunzicho, muone ngati wogulitsa akulidziwa. Kenako dzifunseni ngati chinthucho chikadakhala chimodzimodzi chikadachekedwa pa chitsekerero cha botolo. Mukapeza kuti inde, ndiye kuti mwagula kudekha kwa munthu, ndipo kudekha kuli ndi mtengo wake, mulipireni. Koma dzina la waluso tisungire mkaidi uja, wokhoma mawu a voti uja, Bo ndi dzanja lake lovulala, ndi ochepa a lero omwe amayamba amva zomwe khobidi likunena asanaliyankhe. Khobidi likangolowa pa sowo silidzagulanso mchere. Wolichekayo ali ndi ngongole yotipatsa china m'malo mwa mcherewo.